Zikhadabo za Mphaka: Ticotse Kapena Tisiye, Nanga Mphakayo Azigona Kuti?



M'boma lathu la Chongwe, mphaka, amene ena amamuchula kuti cona kapena pusi, akukhala m'makomo a mitundu iwiri. Kumidzi ndi kumafamu, monga ku Kanakantapa, ku Chalimbana ndi ku Palabana, mphaka ndi mlonda wa cimanga. Amagona m'khichini kapena pansi pa nkhokwe, ndipo malipiro ake ndi makombo a nsima. Kumbali yoyandikira Lusaka, monga ku Silverest, kumene nyumba za mipanda ya njerwa zikuculukiraculukira, mphaka wayamba kukhala ciweto ca m'nyumba, wogona pa sofa ndi kusewera ndi ana.

M'makomo onsewa mumabuka mafunso awiri. Loyamba: mphaka akamang'amba sofa, makatani kapena kukanda mwana, kodi sizingatheke kumucotsa zikhadabo kuti vuto lithe? Laciwiri: kodi mphaka azikhala m'nyumba nthawi zonse, kapena timusiye azingoyendayenda monga mwa masiku onse? Mafunsowa akuoneka ang'ono, koma akukhudza cakudya cathu, thanzi la ana athu ndiponso mtendere pakati pa ife ndi anansi athu. Yankho lathu mwacidule ndi ili: zikhadabo zisiyeni, koma mphakayo mumuikire malire a kumene ayenera kukhala, makamaka usiku. Tiyeni tione cifukwa cake.

Kuwenga ndi kucotsa ndi zinthu ziwiri zosiyana

Ambiri tikamva za kucotsa zikhadabo za mphaka timaganiza kuti n'cimodzimodzi ndi kuwenga zikhadabo zathu ndi lezala. Kuwenga ndiko kudula kansonga kokha, ndipo cikhadabo cimameranso. Kucotsa ndi opaleshoni ina kotheratu.

Cikhadabo ca munthu cimamera pa mnofu wa cala. Ca mphaka cimamera kucokera m'fupa lotsiriza la cala cake. Conco kuti cisamerenso, dokotala amayenera kudula fupalo pamfundo pake, pamodzi ndi mitsempha yake. Yang'anani cala canu: kucokera pamfundo yotsiriza kufika kunsonga, mbali yonseyo ndiyo imadulidwa. Mphaka ali ndi zala 18, zisanu pa phazi lililonse la kutsogolo ndi zinayi pa phazi lililonse la kumbuyo. Kucotsa zikhadabo za kutsogolo zokha kumatanthauza kudula zala khumi pa tsiku limodzi.

Ife anthu timaponda ndi phazi lonse, koma mphaka amayendera zala. Akadulidwa, amayenera kupondera pa mabala omwewo, popeza alibe pena popondera. Mabala akapola, kayendedwe kake kamakhala katasintha, ndipo kulemera kwa thupi kumagwera pa mfundo zimene sizinapangidwire nchitoyo.

Zimene zimacitikira mphaka pambuyo pake

Mwambo wocotsa zikhadabo unafala kwambiri ku United States ndi ku Canada, ndipo kumeneko ndi kumene madokotala a ziweto aona zotsatira zake kwa zaka zambiri. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2017 anayerekeza amphaka 137 ocotsedwa zikhadabo ndi amphaka 137 osacotsedwa. Anapeza kuti ocotsedwawo ankadwala msana kawirikawiri, ankaluma anthu kuposa anzawo, ndiponso ankakodza ndi kucita cimbudzi m'malo osayenera m'nyumba. Atawajambula ndi makina oonera mafupa, anapeza kuti oposa theka anali ndi tizidutswa ta fupa totsalira m'zala, timene timabaya ngati kamwala m'nsapato.

Taonani mmene vuto limakulira. Munthu anafuna kupulumutsa sofa yake kuti isang'ambike, koma tsopano mphaka akukodzera pa sofa yomweyo cifukwa kukumba mcenga kukumupweteka. Anafuna kuteteza mwana kuti asakandidwe, koma tsopano mphaka wopanda zikhadabo watsala ndi mano okha odzitetezera. Bala la mano a mphaka ndi loopsa kuposa la cikhadabo, cifukwa manowo ndi osongoka ndipo amalowetsa tizilombo mkati mwenimweni mwa mnofu.

N'cifukwa cake maiko ambiri analetsa opaleshoniyi. Pangano la maiko a ku Ulaya loteteza ziweto za pakhomo, la mu 1987, limailetsa pokhapokha ngati pali matenda. Israel anailetsa mu 2011. Ku United States komweko, cigawo ca New York cinailetsa mu 2019, ndipo Maryland anatsatira mu 2022. Kuno kwathu tili ndi lamulo loletsa kucitira nkhanza nyama, Prevention of Cruelty to Animals Act, Caputala 245 ca malamulo a Zambia, limene limaletsa kuzunza nyama popanda cifukwa.

Ticenjezenso za cinthu coopsa kopambana: kuyesa kuzula kapena kudula zikhadabo pakhomo ndi pulayala, lumo kapena mpeni. Mphaka amataya magazi, bala limatukusira, ndipo cikhadabo cimene muzu wake watsala cimamera cokhota n'kulowa m'mnofu. Pali nthawi imodzi yokha imene cala ca mphaka cingadulidwe moyenera: pamene cili ndi cotupa kapena caphwanyika moti sicingacire, ndipo wocita zimenezo akhale dokotala wa ziweto.

Mphaka amakandiranji, nanga sofa tiiteteze bwanji?

Mphaka sakanda mipando cifukwa ca mwano. Zikhadabo zake zimakula mosanjikizana ngati makoko a anyezi, ndipo pokanda amacotsa khoko lakale kuti latsopano lionekere. Pokanda amawongolanso msana ndi mapewa, ndipo amasiya fungo locokera m'mapazi ake kuti amphaka ena adziwe kuti pano pali mwini. Mphaka wa kumudzi amacita zimenezi pa tsinde la mango kapena pa mzati wa khola, ndipo palibe amene amadandaula. Wa m'nyumba, posowa mtengo, amasankha sofa.

Conco mankhwala ake ndi kumupatsa mtengo wake. Tengani cipika ca khungwa lokhakhala, kapena thabwa lokulungidwa ndi cingwe ca khonje kapena saka yakale. Likhale lalitali moti mphaka ataimirira ndi miyendo yakumbuyo angathe kudziwongola, ndipo likhomedwe molimba, pakuti likamagwedezeka sadzabwereranso. Liikeni pafupi ndi pamene amakonda kukanda kapena pamene amagona, cifukwa mphaka amakanda akangodzuka. Mbali ya sofa imene anazolowera muiphimbe ndi pulasitiki kapena nsalu yoterera kwa milungu ingapo. Akakanda pa thabwa, mupatseni kakapenta. Kumumenya sikumuphunzitsa kanthu, kumangomucititsa kukuopani.

Mphaka amene saturuka panja mukhoza kumuwenga pakapita milungu iwiri kapena inayi iliyonse. Finyani cala pang'ono kuti cikhadabo cituruke, ndipo dulani kansonga koyera kokha. Mbali yofiirira ya mkati musaikhudze, muli magazi ndi mitsempha. Mphaka amene amaturuka panja musamuwenge, cifukwa zikhadabo zakuthwa ndizo zimamukweza mumtengo galu akamuthamangitsa.

Za ana, tiwaphunzitse kuti mphaka sakokedwa mcira, sanyamulidwa ndi mwendo, ndipo sasokonezedwa pakudya. Posewera naye agwiritse nchito cingwe kapena nthenga yomangirira ku kamtengo, osati manja. Mphaka akayamba kugwedeza mcira mwamphamvu ndi kugoneka makutu, akunena kuti zakwana.

Nchito ya mphaka pakhomo

Tonse tikukumbukira cilala ca mu 2024. Pa 29 February caka cimeneco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo mabanja ambiri m'boma lino anaona minda yawo ikuuma cimanga cisanakhwime. Amene anadutsa m'nyengo imeneyo amadziwa mtengo wa thumba limodzi la makilogalamu 50. Khoswe akalowa m'cipinda ca matumba, amaboola thumba, amadya, ndipo zimene amaipitsa ndi mkodzo ndi zitosi zimaposa zimene wadya. Makoswe amanyamulanso nthata zimene zimafalitsa mliri wa makoswe, umene unabukapo ku Nyimba, kum'mawa kwa dziko lino, mu 2015.

Nchito yolonda cakudya ndiyo inagwirizanitsa mphaka ndi munthu kucokera kale. Kholo la mphaka wa pakhomo ndi vumbwe wa mu Africa ndi maiko a ku Middle East, amene anayamba kuyandikira midzi pamene anthu anayamba kusunga mbewu. Pa cisumbu ca Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 mmene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. Mlonda ameneyu zida zake ndi zikhadabo. Ndi izo amagwira khoswe asanamulume pakhosi. Kumucotsa zikhadabo kuli ngati kulemba munthu nchito ya kumunda n'kumulanda khasu.

Komabe tisayembekezere zambiri kwa mphaka yekha. Kafukufuku amene anacitika m'makomo 40 a kumidzi ku Eswatini, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti makoswe ankacepa kwambiri pa makomo okhala ndi mphaka ndi galu pamodzi. Pamene panali mphaka yekha kapena galu yekha, kusintha kunali kocepa. Cimene cinkagwira nchito kwambiri ndi mantha: makoswe ankaopa kuturuka kukadya. Conco mphaka amathandiza akakhala wokhazikika pakhomo, fungo lake likumveka pafupi ndi cakudya. Ife nafenso ticite mbali yathu: matumba tiziika pa mathandala osakhudza khoma, mauna tizitseka, udzu ndi zinyalala tizicotsa kuzungulira nyumba, ndipo amene angathe asunge cimanga m'migolo yacitsulo yotseka bwino.

Pali cikhulupiriro cakuti mphaka ukamudyetsa amacita ulesi, ndiye ndi bwino kumumana kuti azigwira makoswe. Mphaka wanjala amayamba ndi zosavuta: anapiye, nkhunda, kapenta wa pa thandala, ndiwo za m'mphika wa anansi. Kenako amasamukira kumene kuli cakudya. Mphaka wokhuta amasakabe, cifukwa kusaka kuli m'magazi ake, koma amakhala pakhomo. Thupi lake limafuna nyama, ndipo nsima yokha siimukwanira. Mupatseni kapenta wopanda mcere wambiri, dzira lophika, zotsala za nkhuku kapena nsomba zopanda minga, ndi madzi oyera. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu, ndipo anyezi ndi adyo zimaononga magazi awo.

Zimene mphaka amakumana nazo kunja

Mphaka woyendayenda usiku amakumana ndi zambiri. Amene tikukhala m'mbali mwa msewu wa Great East timadziwa mmene malole ndi mabasi amathamangira usiku. Kuli agalu, kuli njoka, kuli misampha yocheredwa mbewa ndi akalulu. Kuli mankhwala a makoswe: khoswe wodya poizoni amayenda mofooka, mphaka amamugwira mosavuta, ndipo poizoniyo amalowa mwa iye. Amphaka aamuna amamenyana polimbirana aakazi, ndipo m'mabala a ndeuzo ndi mmene matenda amapatsirana.

Matenda oopsa kopambana ndi ciwewe. Bungwe la World Health Organization limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15. Pafupifupi onse amacitenga kwa agalu, koma mphaka wolumidwa ndi galu waciwewe kapena nkhandwe amadwala nayenso, n'kubweretsa matendawo m'nyumba mmene mukugona ana.

Mphaka nayenso amaononga akakhala kunja. Mikangano yambiri ya pakati pa anansi imayamba ndi anapiye osowa. Mbalame, abuluzi ndi acule, zimene zimatidyera tizilombo m'minda, zimathera m'kamwa mwake. Citsanzo comveka cili pa cisumbu ca Marion, ca dziko la South Africa, m'nyanja ya kum'mwera. Mu 1949 anapititsako amphaka asanu kuti athane ndi mbewa pa malo oyezera nyengo. Pofika mu 1977 amphakawo anali atafika pafupifupi 3,400, ndipo ankapha mbalame za m'nyanja zoposa 400,000 pa caka, cifukwa mbalamezo zinali zosavuta kugwira kuposa mbewa. Panapita zaka zambiri ndi ndalama zambiri kuti amphakawo athe, ndipo nchitoyo inatha mu 1991. Mbewa zija zilipobe.

Kuno kwathu palinso nkhani ya vumbwe. Mphaka wa pakhomo ndi vumbwe amakwerana n'kubereka. M'madera oyandikana ndi thengo, monga kum'mwera ndi kum'mawa kwa boma lino kulowera ku mapiri a ku Lower Zambezi, amphaka osoceretsedwa amasokoneza mtundu wa vumbwe weniweni.

Zovuta za kumutsekera m'nyumba

Kutsekera mphaka m'nyumba usana ndi usiku kumamuteteza ku zonsezi, ndipo amphaka otere nthawi zambiri amakhala zaka zambiri kuposa oyendayenda. Koma kuli ndi mtengo wake. Mphaka wosowa cocita amanenepa, amalira, amang'amba zinthu. Amafuna pokwera, pobisala, zenera loonera panja, ndi munthu wosewera naye. Ofufuza a pa yunivesite ya Exeter ku England anapeza mu 2021 kuti kusewera ndi mphaka kwa mphindi 5 mpaka 10 tsiku lililonse kunacepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi nyama zimene amphaka ankapha n'kubwera nazo kunyumba. Zimenezi zikusonyeza kuti masewera amakhutiritsa cilakolako cake cosaka.

Mphaka wa m'nyumba amafunanso cimbudzi cake: beseni lalikulu la mcenga, loikidwa pamalo a phee, kutali ndi mbale yake ndi khichini. Zonyansa zizicotsedwa tsiku lililonse. Cifukwa cake n'cakuti m'cimbudzi ca mphaka mungakhale kacilombo koyambitsa matenda a toxoplasmosis, kamene kangavulaze mwana ali m'mimba. Kacilomboka kamayamba kupatsirana pakapita tsiku limodzi mpaka masiku asanu cimbudzico citaturuka, conco kuyeretsa tsiku ndi tsiku kumateteza. Amayi oyembekezera asiyire ena nchito imeneyi. Sikofunika kutaya mphaka cifukwa m'nyumba muli mayi wapakati. Kacilombo komweko kamapezekanso m'nyama yosapsa bwino ndi m'dothi la ku dimba, conco nyama ipse, ndiwo zamasamba zitsukidwe, ndipo manja asambidwe ndi sopo.

Njira yoyenera makomo athu

Titayeza mbali zonse ziwiri, tikuona kuti makomo ambiri a m'boma lino angatsate njira yapakati: masana mphaka akhale pabwalo, usiku atsekeredwe.

Wina afunsa kuti, makoswe amaturuka usiku, nanga mlonda akatsekeredwa agwira bwanji nchito? Mutsekereni kumene kuli nchitoyo. Masiku ano ambiri tasiya nkhokwe za panja cifukwa ca akuba, ndipo cimanga timasunga m'matumba m'cipinda kapena m'sitolo ya pakhomo. Mmenemo ndi mmene makoswe amalowa, ndipo mmenemo ndi mmene mphaka ayenera kugona. Muikireni saka yogonapo, madzi ndi beseni la mcenga pakona yotalikira matumba. Mphaka woyendayenda usiku amalonda cimanga ca anthu ena, canu cikudyedwa. Kumuzoloweza n'kosavuta: muzimupatsa cakudya cake cacikulu dzuwa likamalowa, m'cipinda comweco, ndipo pakapita masiku ocepa azidzabwera yekha. Ngati mwathira mankhwala a anankafumbwe, dikirani fumbi likhazikike ndipo matumba akhale omanga bwino. M'cipinda cogona mphaka musaikemo poizoni wa makoswe.

Amene muli ndi nkhuku, anapiye akhale m'cikwere kapena m'khola la waya wa timabowo ting'ono kufikira atakula. Zimenezi zimawatetezanso kwa akabawi ndi akhwangwala, amene amatenga anapiye ambiri pamene mlandu ukugwera mphaka.

Amene mukukhala pa mapuloti a m'mbali mwa msewu waukulu, kapena m'nyumba za lendi zoyandikana, kusunga mphaka m'nyumba nthawi zonse ndi kwanzeru, makamaka ngati mwamuyamba ali mwana. Mukhoza kuchinga khonde ndi waya kuti aziothera dzuwa ali wotetezeka. Mphaka wamkulu amene anakulira panja amavutika kumutsekera mwadzidzidzi. Yambani ndi usiku wokha. Mukasamukira kumalo atsopano, mutsekereni milungu iwiri kapena itatu asanayambe kuturuka, kuti asabwerere kumene munacokera.

Ndipo ngati mwalandira mphaka amene anacotsedwa kale zikhadabo, ameneyo asaturuke konse, pakuti sangathe kukwera mumtengo kapena kudziteteza.

Katemera ndi kutseka kubereka

Kaya mphaka amakhala m'nyumba kapena panja, zinthu ziwiri n'zofunika. Coyamba ndi katemera wa ciwewe, amene amayamba mphaka akafika miyezi itatu, ndipo amabwerezedwa monga a veti angakuuzeni. Pa 28 September caka ciliconse ndi tsiku lokumbukira kulimbana ndi ciwewe pa dziko lonse. Linayamba mu 2007, ndipo ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene anapanga katemera woyamba wa matendawa. Mukamva kuti a veti akubaya agalu m'dera lanu, funsani za mphaka wanu nayenso. Pomutenga muikeni m'dengu lotseka kapena m'katoni yoboola, pakuti pakati pa agalu ambiri adzakuthawani m'manja.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wacilendo, wodwala, kapena amene khalidwe lake lasintha mwadzidzidzi, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma ca Chongwe tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati adwala. Ciwewe cimabisala m'thupi kwa miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kucepera kapena kupitirira, ndipo zizindikiro zikangoyamba munthu sacira. Nyamayo itsekeredwe ndipo a veti adziwitsidwe. Ngati yafa, musaphwanye mutu wake, cifukwa poyeza ciwewe amagwiritsa nchito ubongo.

Caciwiri ndi kutseka kubereka. Mphaka wamkazi angatenge bere ali ndi miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, amakhala ndi bere milungu isanu ndi inayi, ndipo angabereke kawiri kapena katatu pa caka, ana anayi kapena asanu nthawi iliyonse. Ana amenewa ndiwo amatayidwa m'masaka kuthengo, ndipo opulumuka amasanduka amphaka opanda mwini, okhala m'misika ndi m'maenje a zinyalala. Mphaka wamwamuna wofulidwa amacepetsa kuyendayenda, ndeu ndi kukodzera makoma, ndipo kusaka makoswe sasiya. Kufula mphaka si nchito ya pakhomo monga ena amacitira ndi mbuzi. Funsani ku ofesi ya za ziweto ya boma lino, kapena ku cipatala ca ziweto ca Samora Machel School of Veterinary Medicine pa University of Zambia, cimene cili pa msewu womwewu wa Great East. Bungwe la Lusaka Animal Welfare Society nalonso limasamalira agalu ndi amphaka osowa eni n'kuwapezera makomo.

Pa za mankhwala, cenjerani ndi ziwiri izi. Panado, kapena mankhwala alionse a paracetamol, amapha mphaka ngakhale m'bulu umodzi. Dibi ya ng'ombe ndi mankhwala ambiri a nthata za agalu nazonso zimamupha. Mankhwala a nthata ndi a njoka za m'mimba akhale opangidwira amphaka.

Za mphaka wolira usiku

Sitingatsirize osachula nkhani imene imaphetsa amphaka ambiri m'midzi yathu. Mphaka akalira usiku ngati khanda kuseri kwa nyumba, kapena maso ake akawala mumdima, ena amati watumidwa. Amamugenda, amamutentha, ndipo nthawi zina mlandu umagwera nkhalamba ina ya m'mudzi.

Kulira kumeneko ndi kwa mphaka wamkazi amene ali pa nyengo yofuna wamwamuna, kapena kwa aamuna awiri oopsezana. Maso amawala cifukwa kuseri kwa diso la mphaka kuli kacikopa kobweza kuwala ngati galasi, kamene kamamuthandiza kuona mumdima. Ng'ombe, mbuzi ndi agalu nazonso zili nako, ndipo aliyense amene anaunikirapo khola ndi toci usiku anaona zimenezi. Mphaka wakuda ndi mphaka monga ena onse. Tikumbukirenso kuti lamulo la Witchcraft Act, Caputala 90, limati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ife a mumpingo tisapezeke pakati pa ogenda ciweto kapena oneneza mnansi. Amphaka a m'mudzi akamagona otsekeredwa, ndiponso akatsekedwa kubereka, kulira kwa usiku kumacepa, ndipo manong'onong'o amacepa nako.

Conco tisanagone lero, aliyense wa ife amene ali ndi mphaka adzifunse: kodi wadya, kodi anabayidwa katemera, ndipo kodi usiku uno agona kuti? Amene muli ndi mafunso ena pa za ziweto, afikitseni kwa a veti a m'dera lanu, ndipo uthengawu muugawireko anansi amene sawerenga pa intaneti.